Kachirombo Koimitsa Magazi: Kodi Kamasankha Gulu la Magazi?

Amene munamvera sewero la pa wailesi lonena za mwana wa msodzi mukukumbukira m'mene zinayendera. Bambo ali ku chilumba cha Mbenji kokoka utaka, mayi watsala kumtunda ndi ana pamodzi ndi apongozi ake. Mwana wa zaka 3, amene wangochira kumene malungo, wagwidwa ndi kachimfine. Patapita masiku ochepa wayamba kufooka, manja ayera mbee. Kuchipatala chachikulu cha ku Salima adokotala akuti mwanayo athiridwe magazi, koma apongozi akukana, ati magazi a munthu wosamudziwa amabwera ndi matenda ake. Mayi uja, amenenso ali ndi pakati pa miyezi inayi, wangoti kakasi, sakudziwa kuti amvere yani.

M'seweromo adokotala anatchula kachirombo kena kotchedwa parvovirus B19. Anati kamatha kupezeka m'magazi a anthu opereka magazi, ndiponso kuti kamalowa m'thupi podzera pa chizindikiro china cha gulu la magazi. Mau awiri amenewa ndi amene anadzutsa mafunso ambiri pokambirana m'magulu omvera wailesi. Ena anathamangira kutsegula mabuku ao a kusikelo kuti aone ngati ali A kapena O. Ena anati, ndiye kuti apongozi aja ananena zoona. Tiyeni tiifotokoze nkhaniyi modekha, chifukwa kuimva mwatheka kungathe kutayitsa moyo wa mwana.

Magazi amapangidwa tsiku ndi tsiku

Ambiri timaganiza kuti magazi ali ngati madzi a mumtsuko, amene amangokhala mpaka wina atawataya. Sizili choncho ai. Kufiira kwa magazi kumachokera ku tinthu ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, timene achipatala amatitcha maselo ofiira. Ntchito ya maselowa ndi kunyamula mpweya wabwino kuchokera m'mapapo kupita nao m'thupi monse. Selo limodzi limakhala ndi moyo masiku pafupifupi 120, kenaka limafa. Tsono kuti magazi asathe, m'mafuta a m'kati mwa mafupa mumapangidwa maselo atsopano usana ndi usiku, oposa 2 miliyoni pa sekondi iliyonse.

Anthu a m'mbali mwa nyanja sangavutike kumvetsa zimenezi. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, mafumu a dera la Makanjira ku Salima akhala akutseka chilumba cha Mbenji m'nyengo ya dzinja, kuyambira mu Disembala mpaka mu Epulo, kuti nsomba ziswane. Iwo anazindikira kuti nyanja siidzala chifukwa cha nsomba zimene zilimo lero, koma chifukwa cha zimene zikuswedwa. Ngati kuswana kutaima kwa kanthawi koma makoka ali pamtunda, palibe amene angaone kusintha. Koma ngati kuswana kutaima pamene chilimira akukokedwa usiku ulionse, nyanja ingaume msanga.

Parvovirus B19 ndi kachirombo koimitsa kuswana. Sikadya magazi amene ali kale m'mitsempha. Kamapita kumafupa, nkulowa m'maselo aang'ono amene sanakhwime, nkuwapha. Kwa masiku 7 mpaka 10 thupi limaleka kupanga maselo ofiira. Munthu wathanzi amataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a maselo ake m'masiku amenewa, ndipo sazindikira nkomwe. Thupi lake limakagonjetsa kachiromboko, mafupa nkuyambiranso ntchito yao. Tsoka lili kwa iye amene magazi ake akukokedwa kale ndi matenda ena.

Kanadziwika bwanji, ndipo kamafala bwanji?

Nkhani ya kachiromboka inayambira kwa opereka magazi komweko. Mu 1974 Dr Yvonne Cossart, mayi wa ku Australia amene ankagwira ntchito ku London, anali kuyeza magazi a anthu pofufuza matenda a chiwindi. M'kabotolo ka nambala 19 pa mzere B anapezamo kachirombo kachilendo, ndipo dzina loti B19 linachokera pamenepo. Chilembo B chimenechi sichikhudzana ndi gulu B la magazi. Tanena izi dala, chifukwa pokambirana amayi ena a gulu B anachita mantha pachabe.

Kwa zaka zingapo palibe amene ankadziwa matenda amene kachiromboka kamayambitsa. Mu 1981 madokotala a ku London ndi a ku Jamaica anapeza kuti ndi kamene kamachititsa kuti ana a matenda a sickle cell athe magazi mwadzidzidzi. Mu 1983 kanapezeka kuti ndi komwenso kamayambitsa matenda ena aang'ono a ana a sukulu, ofiiritsa masaya ngati mwana wamenyedwa khofi. Mu 1984 zinadziwika kuti kamatha kuvulaza mwana wosabadwa.

Njira yake yaikulu yofalira si kuthiridwa magazi. Kamafala ngati chimfine: pokhosomola, poyetsemula, ndi pogwirana manja okhala ndi mamina kapena malovu. Nchifukwa chake kamayenda kwambiri pakati pa ana, kusukulu, kumkaka ndi m'nyumba mogona anthu ambiri. Munthu amapatsira anzake pa masiku oyamba aja, pamene akungomva kutentha thupi pang'ono, mutu ndi chimfine. Zidzolo zikamadzatuluka m'masaya, m'manja ndi m'miyendo, amakhala ataleka kale kupatsira. Pa khungu lathu lakuda zidzolozi nthawi zambiri sizioneka bwino, kapena zimatengedwa ngati chikuku chochepa mphamvu. Akuluakulu, makamaka amayi, amatha kumva kuphwanya ndi kutupa m'mfundo za zala, m'mikono ndi m'maondo kwa sabata imodzi kapena zitatu. Ambiri sadwala nkomwe.

Munthu akadwala kamodzi amakhala ndi chitetezo moyo wake wonse, ndipo anthu akuluakulu oposa theka anakumana nako kale ali ana. Katemera wake palibe. Pali matenda ena a agalu otchedwanso parvo, koma kachirombo kake nkosiyana. Galu sangapatsire mwana wanu B19.

Nanga za gulu la magazi?

Magulu amene timawadziwa ndi A, B, AB ndi O, ndipo atatu mwa iwo, A, B ndi O, anawatulukira Karl Landsteiner ku Vienna mu 1901. Kusiyana kwao kuli pa tizizindikiro timene timakhala kunja kwa selo lofiira, monga m'mene nsalu zimasiyanirana maluwa. Kuno kwathu pafupifupi theka la anthu ndi a gulu O. Palinso chizindikiro cha Rh, chimene chimalembedwa pambali pa chilembo kuti positive kapena negative. Awiri amenewa ndiwo amayezedwa munthu asanathiridwe magazi, ndipo ndiwo amalembedwa m'buku lanu.

Koma selo lofiira lili ndi zizindikiro zina zambiri zimene sizilembedwa m'buku. Akatswiri amawerenga mitundu ya magulu yoposa 40. Chimodzi mwa zizindikirozi chimatchedwa P. Mu 1993 ofufuza a ku America anapeza kuti P ndiye khomo limene parvovirus B19 amaloweramo m'maselo aang'ono a m'mafupa. Chaka chotsatira, mu 1994, anayeza anthu amene anabadwa opanda P. Anapeza kuti palibe ndi mmodzi yemwe amene anagwidwapo ndi kachiromboka, ndipo ngakhale atakaika dala pa maselo ao m'chipinda choyezera, kankalephera kulowa.

Apa ndi pamene pagona kugwirizana kwa kachiromboka ndi gulu la magazi. Koma tamvani bwino: P ali ndi pafupifupi munthu aliyense. Wa A ali naye, wa B ali naye, wa AB ndi wa O chimodzimodzi. Opanda P ndi anthu owerengeka pa anthu miliyoni, ndipo amapezekako pang'ono m'mabanja ena a kumpoto kwa Sweden ndi pakati pa anthu otchedwa Amish ku America. Ndipo si oti nkuwasirira. Akafuna kuthiridwa magazi zimavuta kwambiri kupeza oyenerana nao, ndipo amayi otere amapita padera kawirikawiri.

Choncho musati ine ndine O, kachirombo aka sikangandigwire. Musatinso mwana wanga watha magazi chifukwa anatengera gulu loipa la kwa bambo ake. Palibe gulu loipa, ndipo palibe gulu lotetezeka. Funso lofunika si lakuti mwana ali gulu liti, koma lakuti anali ndi magazi ochuluka bwanji pamene kachiromboko kamafika.

Mwana amene magazi ake ngochepa kale

M'madera a m'mbali mwa nyanja ana ambiri amayenda ndi magazi ochepa popanda makolo kudziwa. Malungo amaphwanya maselo ofiira. Njoka za m'mimba zimayamwa magazi m'matumbo. Likodzo limatayitsa magazi pokodza, ndipo ana osamba m'nyanja tsiku ndi tsiku amalidziwa bwino. Kafukufuku amene anachitika ku Blantyre ndi ku Chikwawa, ndipo anasindikizidwa mu 2008, anaona ana 381 ochepa magazi kwambiri. Anapeza kuti vutoli limayenda pamodzi ndi malungo, njoka za m'mimba, tizirombo tolowa m'magazi, HIV, ndi kuperewera kwa mavitamini A ndi B12. Nthawi zambiri mwana mmodzi amakhala ndi zifukwa ziwiri kapena zitatu. Parvovirus si ndiye mdani wamkulu pakati pa zonsezi. Ali ngati munthu wokankha khoma limene mvula yalinyowetsa kale.

Ana a sickle cell ndiwo ali pa chiopsezo choposa onse. Maselo ao ofiira sakhala masiku 120, amangokhala masiku 10 mpaka 20. Mafupa ao amagwira ntchito mothamanga kuti abwezeretse. Ntchitoyo ikaima kwa sabata imodzi yokha, magazi amatsika koopsa. Ngati m'banja muli ana awiri a sickle cell ndipo mmodzi watha magazi mwadzidzidzi, pitani nao onse awiri kuchipatala, chifukwa winayo angatsatire patangopita masiku ochepa. Anthu amene chitetezo chao chatsika kwambiri, monga a HIV amene sakumwa ma ARV, amalephera kukachotsa kachiromboka m'thupi, ndipo magazi ao amatha kumangotsika miyezi ndi miyezi.

Mayi safunika makina kuti aone mwana wotha magazi. Tambasulani chikhatho cha mwana padzuwa, muchifanizire ndi chanu. Tsitsani chikope cha m'munsi muone m'kati mwake, muonenso lilime ndi nkhama. Ngati payera, mwana achepa magazi. Ngati pamwamba pa kuyerako akupuma mothamanga, mtima ukugunda kwambiri, akulephera kuyamwa kapena kukhala tsonga, kapena akungogona, musadikire kuti kuche kawiri. Musadikirenso kuti bambo abwere kuchokera ku chilumba. Nkwabwino kugwirizana asananyamuke kuti mwana akadwala mayi ali ndi chilolezo chopita kuchipatala, ndipo kandalama ka ulendo kasungidwe padera.

Tikudziwa kuti kumudzi kuli njira zake: madzi a masamba a mapeyala, zakumwa zofiira za m'botolo, ndi zina. Kufiira kwa chakumwa sikusanduka magazi. Ngakhale mapiritsi oonjezera magazi a kuchipatala, amene ndi othandiza kwambiri pa nthawi yake, amatenga masabata kuti agwire ntchito, ndipo sangathandize pamene mafupa aima. Mwana wofika pamenepa chimene chimamupulumutsa ndi kuthiridwa magazi, kuti adutse masiku ochepa aja mpaka mafupa ake atadzuka.

Mayi woyembekezera

Mwana wa m'mimba amakula mofulumira ndipo amafuna maselo ofiira ambiri. Mayi amene sanakumanepo ndi kachiromboka akagwidwa ali ndi pakati, kamatha kudutsa nkufika kwa mwanayo, makamaka pakati pasanakwane masabata 20. Mwana angathe kuchepa magazi, mtima wake nkutopa, thupi nkudzala madzi, ndipo nthawi zina pakati pamachoka kapena mwana amabadwa wakufa.

Izi nzomvetsa mantha, koma ziikeni pa muyeso wake. Amayi ambiri ali kale ndi chitetezo kuchokera ku ubwana. Mwa amene agwidwa ali oyembekezera, ochuluka zedi amabereka ana athanzi. Ndipo mayi amene zinamuchitikira kamodzi sizingamuchitikirenso ndi kachirombo komweka pa pakati potsatira.

Mwana akabadwa wotupa, m'midzi mwathu mlandu sumachedwa kugwa pa munthu. Ena amati ndi tsempho, ati bambo anayenda njira zina kunyanja. Ena amaloza mayi, ena amaloza mfiti. Mabanja atha chifukwa cha nkhani zotere. Komatu kachirombo kotengedwa kwa mwana wa chimfine pakhomo pomwepo kangathe kuchita zimenezi, popanda wolakwa. Chindoko chosachizidwa chimathanso kutupitsa mwana, nchifukwa chake amayeza magazi kusikelo ya amayi apakati. Ndipo pali malo amodzi pamene gulu la magazi limakhudzadi pakati: mayi wa Rh negative amene wanyamula mwana wa Rh positive. Thupi la mayi wotere limatha kuyamba kulimbana ndi magazi a mwana, makamaka pa mimba zotsatira. Pali jakisoni woteteza zimenezi. Amayi a Rh negative ndi ochepa kuno, koma ngati m'buku lanu alemba choncho, funsani anamwino msanga.

Mayi wapakati ayambe sikelo m'miyezi itatu yoyamba, amwe mapiritsi oonjezera magazi ndi Fansidar monga amuuzira, agone m'neti. Asambe m'manja ndi sopo akapukuta mwana mamina, asamwere kapu imodzi ndi mwana wodwala. Akatentha thupi, akatuluka zidzolo, akaphwanya m'mfundo, kapena akaona kuti mwana wachepetsa kugunda m'mimba, apite kuchipatala akanene zonse, osabisa kuti pakhomo pali ana odwala.

Kodi magazi operekedwa angakhale ndi kachiromboka?

Inde, zingatheke, ndipo sitikubisirani. Munthu amatha kukhala nako m'magazi asakudzimva kudwala. Mu 2004 ofufuza a ku Cambridge anasindikiza zimene anapeza atayeza magazi 2,440 operekedwa ku Britain, ku Ghana, ku South Africa ndi kuno ku Malawi. Anapeza zotsalira za kachiromboka mwa munthu pafupifupi mmodzi pa anthu 100. Onani kuti ku Britain kunalinso chimodzimodzi. Si vuto la maiko osauka okha.

Bungwe la Malawi Blood Transfusion Service, limene linakhazikitsidwa mu 2003, limatolera magazi kwa anthu odzipereka mwaulere, ndipo lili ndi malo ake ku Blantyre, ku Lilongwe, ku Mzuzu ndi ku Balaka. Thumba lililonse limayezedwa HIV, matenda a chiwindi a mtundu wa B ndi C, ndi chindoko lisanatumizidwe kuzipatala. Parvovirus sali pa mndandanda umenewu, ndipo ndi m'mene zilili m'maiko ambiri pa dziko lapansi.

Chifukwa chake nchakuti kupatsirana kudzera m'thumba la magazi kumachitika mwa apo ndi apo kwambiri. Kachiromboka kamachuluka m'magazi kwa masiku ochepa chabe. Pambuyo pake kamatsala kochepa zedi, ndipo kamakhala katazingidwa ndi asilikali a thupi la woperekayo, amene amalowa nao limodzi m'thumbamo. Anthu aja a m'kafukufuku wa 2004 anali otere. Pa mamiliyoni a anthu amene athiridwa magazi pa dziko lonse, amene anatsimikizika kuti anadwala B19 chifukwa cha thumba la magazi ndi ochepa kwambiri.

Tsono yerekezani zinthu ziwirizi. Mbali ina kuli kachirombo kamene mwana wanu angathe kukatenga mawa pamasewera, ndipo mwina wakatenga kale. Mbali ina kuli mwana amene mtima wake ukulephera lero chifukwa magazi atha, amene angamwalire usiku womwewo. Madokotala sathira mwana magazi mwachisawawa. Amayamba ayeza kuchuluka kwa magazi ake, kenaka amayeza ngati a m'thumba akugwirizana ndi ake. Akanena kuti pafunika magazi, ndiye kuti njira zina zatha. Agogo amene amakana amakana chifukwa cha chikondi, ndipo sitiwanyoza. Koma muwatengere kwa anamwino akamve okha, aone thumbalo ndi zolembedwa pamenepo.

Magazi sasintha khalidwe la mwana, sasintha mtundu wake kapena chipembedzo chake. Maselo olandirawo amagwira ntchito kwa masabata angapo, kenaka amafa monga ena onse, ndipo m'malo mwao mumalowa opangidwa ndi mafupa a mwana mwiniwake.

Opereka magazi

Magazi sapangidwa kufakitale, ndipo a nyama sangathiridwe mwa munthu. Thumba limene limapulumutsa mwana ku Salima linachoka pamkono wa munthu wina. Kuno kwathu opereka ambiri ndi ana a sukulu za sekondale ndi za ukachenjede, choncho sukulu zikatsekera magazi amasowa. Tchuthi cha Khrisimasi chimagwa m'dzinja, pamene malungo achuluka ndipo mawodi a ana adzaza.

Imeneyi ndi nyengo yomweyo imene Mbenji amatsekedwa, asodzi nkutsika kumtunda kukasoka maukonde ndi kulima. Ndi amuna ambiri amphamvu amene ali pakhomo pa nthawi imene magazi akufunika koposa. Anthu amene anatha kumvana kuti pa chilumba pasamafike mowa, chamba ndi juga angathenso kumvana pa nkhani iyi. Mafumu ndi makomiti a zaumoyo angathe kukambirana ndi achipatala za tsiku lodzatolera magazi m'dera lao. Mphekesera za anamapopa, zimene zinaphetsa anthu osalakwa m'maboma a kum'mwera mu 2017, zisasokonezedwe ndi ntchito imeneyi. Otolera magazi amabwera masana, mfumu ikudziwa, ndipo sakakamiza munthu.

Munthu wathanzi wa zaka 16 mpaka 65 angathe kupereka. Amatenga mamililita 450, osakwana theka la lita, ndipo thupi limabwezeretsa lokha. Asanatenge amayamba afunsa mafunso ndi kuyeza ngati woperekayo ali ndi magazi okwanira. Mayi woyembekezera kapena amene wangobereka kumene sapereka.

Pa nkhani ya parvovirus, chitetezo chachikulu chili pa mafunso amenewa. Ngati mwatentha thupi m'masiku apitawa, muli ndi chimfine, mwatuluka zidzolo, kapena m'mfundo mukuphwanya, nenani poyera. Nenaninso ngati pakhomo pali mwana amene akudwala zotere. Sadzakunyozani. Adzakuuzani kuti mudikire mpaka mutachira, mudzabwerenso ulendo wina.